Jambulani Poganizira Simbi

Ana inu, yang'anani bolodi ya foni yakufa ili m'manja mwangayi. Tinjira take ta mkuwa n'topyapyala ngati tsitsi, chifukwa tinapangidwa ndi makina a ku fakitale. Ife kuno ku Mabvuku makina athu ndi simbi ya amayi anu, ndipo pojambula bolodi muziganizira simbiyo.

Mukajambula pa kompyuta, mwina ndi KiCad, pulogalamu yaulere imene Jean-Pierre Charras anaiyamba mu 1992, mumasindikiza pa pepala lonyezimira ndi printa ya laser. Inkjet musayese n'komwe. Toner wa laser ali ndi pulasitiki, ndiye mukaika pepalalo pa mkuwa n'kusita amasungunuka n'kumatirira pa mkuwa. Mukaviika bolodiyo mu ferric chloride, mkuwa wosaphimbidwa umadyeka, wophimbidwa n'kutsala. Mankhwalawa amadetsa zovala mpaka kalekale, valani magolovesi, ndipo musawathire mu ngalande.

Tsono simbi imafinya toner n'kumufalitsa, mankhwalanso amadya m'mphepete. Kanjira kopyapyala kamaduka, tinjira toyandikana timakumana. Ine sindilola njira yochepera 0.8 mm, ndipo mpata pakati pake uzifanana nayo ngati malo alipo. Mkuwa wa pa bolodi wamba ndi wochindikala ma micrometre 35 basi, choncho njira yochokera ku batire ya sola, ija imakuunikirani magetsi akazima, ikhale yotakata mamilimita angapo, apo ayi itentha. Pobowola mwendo wa chipangizo siyani mkuwa waukulu, popeza dzanja limanjenjemera ndipo kabowoledwe kathu si ka fakitale. Miyendo ya IC yolowa m'mabowo imatalikirana 2.54 mm, musavutike kudutsitsa njira pakati pake. Zikapingasana, dumphitsani kawaya pamwamba. Ena amachita nako manyazi kawayako, chonsecho ngakhale mawailesi akale a pa Siyaso ku Mbare ali nato timawaya totere.

Chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti pepala limagona chafufumimba pa mkuwa, ndiye chithunzi chimatembenuka. Ine ndinatayapo bolodi yathunthu chifukwa cha zimenezi, miyendo yonse ya IC ili mbali yolakwika. Lembani dzina lanu pakona ya mkuwa. Pa pepala liwoneke lotembenuka ngati la pagalasi. Likawerengeka bwinobwino pa pepalapo, musayatse simbi, bwererani ku kompyuta.