Ndisiye ntchito chifukwa cha gitala?

Malume,
Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ku Limbe, koma mtima wanga uli pa kuimba. Ndikaweruka ndimakhala ndi gitala mpaka usiku. Anzanga akuti ndisiye ntchito ndizingoimba basi. Vuto ndi loti fizi ya alongo anga awiri ndimalipira ndine. Nditani?
Mnyamata wa ku Ndirande

Mphwanga,
Ntchito usasiye panopa, komanso gitalayo usaipachike. Luso lotere likafera m'chipinda zimandiwawa kwambiri.

Kusitudiyo amalipiritsa nyimbo iliyonse, ndipo ndalama imeneyo ichokera m'malipiro akowo. Nyimbo ikatuluka, kaikalembetse ku COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Ndilo limatolera ndalama kumawayilesi, m'mahotela ndi malo ena oseweretsa nyimbo, n'kugawira eni ake. Koma ndalama zimenezi sizibwera mwezi ndi mwezi ngati malipiro, pomwe kusukulu safuna kumva zoti mudikire.

Ndalama yogwirika kwa woimba woyamba kumene ili kumaukwati, kuzinkhoswe ndi kuzochitika za kutchalitchi, ndipo zambiri zimachitika Loweruka ndi Lamlungu, iwe uli popuma. Yambira pamenepo.

Poti ndiwe wowerengera ndalama, gula kope. Uzilemba kwacha iliyonse imene gitala yabweretsa, n'kuchotsera ya minibasi, ya nsambo zoduka ndi ya okuthandiza kuimba. Zotsalazo zikamafanana ndi malipiro ako miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, undilemberenso tikambirane za kalata yosiyira ntchito.

Amayi ako usawabisire. Asadzamve kwa anthu atakuona ukuimba paukwati ku Chilomoni.