Ulendo wa Pasitima Wokaona Madzi Oundana ku Svalbard: Mafunso ndi Mayankho

Chaka chilichonse, kuyambira mu Meyi mpaka mu Seputembala, sitima zapamadzi zimanyamuka padoko la Longyearbyen zitatenga alendo okaona mitsinje ya madzi oundana ndi nyama za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Kabuku kano kakuyankha mafunso a munthu amene akufuna kupita, komanso a iye amene akungofuna kudziwa.

Kodi Svalbard ndi kuti?

Ndi zilumba za dziko la Norway zimene zili pafupifupi pakatikati pa gombe la kumpoto kwa dzikolo ndi North Pole. Chachikulu mwa izo ndi Spitsbergen. Woyendetsa zombo wa ku Netherlands, Willem Barentsz, anaziona mu 1596, ndipo pangano limene mayiko anasaina ku Paris mu 1920 ndi limene linaziika m'manja mwa Norway. Tauni yaikulu ndi Longyearbyen, ya anthu pafupifupi 2,500. Dzinali linachokera kwa John Munro Longyear, wa ku America, amene kampani yake inayamba kukumba malasha pamalopo mu 1906. Kulinso kamudzi ka anthu a ku Russia kotchedwa Barentsburg, ndi ka asayansi kotchedwa Ny-Ålesund, koma palibe msewu wolumikiza midziyi. Kulibe nkhalango ngakhale mtengo woti munthu n'kuusa pansi pake. Magawo 6 mwa magawo 10 a zilumbazi ndi okutidwa ndi madzi oundana.

Mtsinje wa madzi oundana ndi chiyani? Madzi ouma angayende bwanji?

Kumapiri a kumeneko chipale chofewa chimagwa chambiri kuposa chimene chimasungunuka m'chilimwe. Cha chaka chino chimaunjikana pa cha chaka chatha, ndipo chapansi chimatsenderezeka mpaka kusanduka ayezi wolimba. Akakhuthala kwambiri, ayeziyo amalephera kupirira kulemera kwake komwe, ndiye amayamba kutsetsereka m'chigwa kulowera kunyanja. Maso sangaone kuti akuyenda, koma akuyenda ndithu, akupera miyala ndi kukumba chigwacho.

Pomwe mtsinjewo wakumana ndi nyanja pamakhala khoma la ayezi lotalika mamita makumi angapo, ndipo ndi khoma limeneli limene alendo amalipirira ndalama zambiri kuti akalione. Malo ena ndi loyera, malo ena lili ndi mizere yakuda ya miyala yoperedwa, koma paliponse pamene pangogumuka kumene pamaoneka buluu wowala. Buluuyo ndi chizindikiro cha ayezi wakale wotsenderezeka kwambiri: kuwala kukalowamo, mtundu wofiira umatsalira mkati ndipo wa buluu ndi umene umabwerera m'maso mwanu.

Wotsogolera alendo wodziwa ntchito amazimitsa injini ya boti kuti mumvetsere. Tizidutswa ta ayezi toyandama mozungulira timalira thethethe, chifukwa mpweya umene unatsekeredwamo kalekale ukutuluka pamene tikusungunuka. Ndiye mwadzidzidzi mumamva kugunda ngati kwa bingu, chigamphu cha khoma chagwera m'nyanja. Ambiri akamatembenuka amapeza chagwa kale, popeza mkokomo umachedwa kufika kusiyana ndi kuwala.

Mitsinje yambiri ya ku Svalbard ilinso ndi khalidwe lachilendo. Imakhala ikukwawa kwa zaka makumi ambiri, kenako n'kuyamba kuthamanga. Wotchedwa Bråsvellbreen unalowa m'nyanja makilomita pafupifupi 20 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930.

Sitima zake ndi zotani?

Zilipo zikuluzikulu zonyamula anthu masauzande, zokhala ndi malo ovinira ndi maiwe osambiramo. Zimenezi zimaima ku Longyearbyen tsiku limodzi, alendo n'kugula zipewa ndi mapositikhadi, basi n'kubwerera. Amene akufuna kuona ayezi ndi nyama asankhe sitima yaing'ono, ya anthu 200 kapena ocheperapo, yokhala ndi thupi lolimba lotha kukankha ayezi. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, lamulo la Norway sililola sitima yonyamula alendo oposa 200 kulowa m'malo otetezedwa, ndipo malo ambiri osangalatsa ali m'menemo.

Kunja kwa midzi kulibe madoko. Amene anakwerapo sitima ya Ilala akudziwa mmene zimakhalira pamalo opanda doko: sitima imaponya nangula patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono kupita kumtunda. Kumenekonso n'chimodzimodzi, kungoti maboti ake ndi a labala opopa, otchedwa Zodiac, otenga anthu pafupifupi 10, ndipo madzi amene mumapondamo potsika ndi ozizira zedi. Ulendo wambiri umatenga sabata imodzi kapena masiku oposa pamenepo pang'ono, ndipo nyengo ikalola mumatsika kawiri patsiku.

Nanga tikafika malo ati?

Kumpoto chakumadzulo kuli Monacobreen, mtsinje wotakata makilomita angapo umene unapatsidwa dzina pokumbukira Kalonga Albert I wa ku Monaco, amene anafufuza nyanja za kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kuli Smeerenburg, kumene Adatchi ankaphikira mafuta a anamgumi m'zaka za m'ma 1600, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zikuonekabe. Ku Magdalenefjorden kuli manda a asodzi a anamgumiwo. Kum'mawa, pachilumba cha Nordaustlandet, kuli Austfonna, chipewa cha ayezi chimene khoma lake limatsata nyanja makilomita oposa 100, ndipo m'chilimwe mathithi amatsika kuchokera pamwamba pake.

Koma musaloweze mndandanda wa m'kabuku ka kampani ngati kuti ndi lonjezo. Wolamula ulendo ndi ayezi, mphepo ndi nkhungu. Njira ya panyanja ya Hinlopen ikatsekeka ndi ayezi, kapitawo amatembenuza sitima. Chimbalangondo chikaoneka pagombe pamene mumati mutsikire, simutsika. Kampani imene ikukulonjezani malo ndi ola lake ikukunamizani.

Kodi kuyandikira khoma la ayezi n'koopsa?

Kwambiri. Chigamphu chikagwa chimautsa funde lotha kugubuduza boti, ndipo zidutswa zake zimauluka patali. Mu Ogasiti 2007 alendo angapo a ku Britain anavulala pamene ayezi anagumuka pafupi ndi sitima yawo ku Svalbard konko. Bungwe la makampani oyendetsa maulendowa, AECO, limalangiza kuti boti lisayandikire khomalo kuposa mamita 200. Chigulu cha ayezi choyandama nachonso si chosewera nacho. Gawo lalikulu, pafupifupi magawo 9 mwa 10, lili pansi pa madzi, ndipo likasungunuka chonsecho chimatembenuka mosachenjeza.

Kodi ndikachiona chimbalangondo choyera?

Funso limeneli ndi limene aliyense amafunsa, ndipo yankho loona ndi lakuti mwina. Zimbalangondo zimene zimakhala pazilumbazi chaka chonse ndi pafupifupi 300 zokha, pamalo aakulu masikweya kilomita oposa 60,000. Zina zambiri zimatsata ayezi wa panyanja, chifukwa ndi pamenepo pamene zimagwirira chakudya chawo, nyama za m'madzi zotchedwa seal. Chimbalangondo chimadikirira pabowo limene seal amapumirapo, nthawi zina kwa maola, ndipo akangotulutsa mphuno chimamukokera kunja. M'chilimwe ayeziyo amathawira kumpoto, ndiye sitima zambiri zimamutsatira komweko, otsogolera alendo atakhala pamwamba ndi magalasi oonera patali usana wonse.

Mukachiona, chidzakhala patali. Lamulo la 2025 likuti munthu atalikirane nacho mamita 300, ndipo kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Juni, pamene zazikazi zili ndi ana aang'ono, mamita 500. Kuchinyengerera ndi chakudya kapena kuchilondola ndi mlandu. Zithunzi za m'timabuku totsatsa malonda, zoonetsa chimbalangondo chikununkhiza sitima, zisakupusitseni. Chimene ambiri amaona ndi kadontho kachikasu kakuyenda pa ayezi woyera, ndipo amene sanatenge magalasi abwino amangomva anzake akusangalala.

Pamtunda otsogolera amanyamula mfuti ndi zipolopolo zowala zoopsezera. Amatsika poyamba n'kuyendera malowo alendo asanabwere. Chachimuna chimatha kulemera makilogalamu oposa 500 ndipo chimathamanga kuposa munthu wamba. Komabe mfutiyo ikalira, ndiye kuti zinthu zalakwika. Nyamayi ndi yotetezedwa kuyambira mu 1973, ndipo ikaphedwa, ofesi ya bwanamkubwa wa Svalbard imafufuza ngati panalibe njira ina. Mu Julaye 2018 chimbalangondo chinavulaza mlonda wa sitima ina ya alendo kumpoto kwa zilumbazi ndipo anzake anachiwombera. Anthu ambiri padziko anakwiya, n'kumafunsa kuti anapita kwa mnzake ndani. Ineyo ndikuona kuti funsolo linali loyenera.

Nyama zina zilipo?

Zilipo, ndipo zina n'zosangalatsa kuposa chimbalangondo chimene chili pamtunda wa theka la kilomita. Ku Alkefjellet kuli thanthwe lalitali lotuluka m'nyanja pamene mbalame zotchedwa Brünnich's guillemot zimaswanirana, pafupifupi mabanja 60,000. Boti limadutsa m'munsi mwake, mlengalenga muli bii mbalame, phokoso lili pwirikiti, ndipo wanzeru amavala chipewa n'kutseka pakamwa poyang'ana kumwamba. Ana a mbalamezi amadumpha pathanthwe asanadziwe kuuluka bwino, atate awo akuwatsatira. Kumalo ena amene thanthwe lili patali ndi madzi, nkhandwe za ku Arctic zimadikira m'munsi kutola olephera kufika kunyanja.

Pagombe mumapeza walrus, zinyama zonenepa za minyanga iwiri yoloza pansi, zitagona mopanikizana. Yamphongo imaposa makilogalamu 1,000, koma chakudya chake ndi nkhono za pansi pa nyanja. Alenje anatsala pang'ono kuzimaliza chifukwa cha minyanga ndi zikopa, mpaka zinatetezedwa mu 1952, ndipo tsopano zikuchulukanso. Fungo lake mumalimva musanazione. Mphalapala za ku Svalbard ndi zazifupi miyendo, zonenepa, ndipo sizithawa anthu. Zimadya msipu ngakhale pakati pa nyumba ku Longyearbyen. Anamgumi oyera otchedwa beluga amakonda kuyenda m'magulu pafupi ndi makoma a ayezi.

Mbalame zambiri zimasonkhananso patsinde pa khomalo, ndipo pali chifukwa. Madzi osungunuka amatuluka pansi pa mtsinje woundanawo n'kukwera pamwamba, atatenga tizamoyo ta m'nyanja, ndipo mbalame zimangotola. Palinso kambalame kotchedwa Arctic tern, kamene kamaswa kumeneko kenako n'kuuluka mpaka ku Antarctica, kudutsa m'magombe a Africa, kuphatikizapo a Namibia ndi South Africa. N'kaukali kotetezera chisa chake, ndipo kamajompha pamutu aliyense woyandikira.

Kumazizira bwanji? Ndivale chiyani?

M'mwezi wa Julaye kumatentha madigiri 5 mpaka 7, ndipo kutentha kwakukulu kumene kunalembedwapo ndi madigiri 21.7, mu Julaye 2020. Chimene chimapweteka ndi mphepo ya pa boti. Valani zovala zingapo zosanjikiza, zaubweya mkati, zosalowa madzi kunja, magolovesi awiri, ndi chipewa chophimba makutu. Nsalu ya thonje ikanyowa ndi thukuta imakuziziritsani. Sitima zambiri zimabwereketsa majombo a labala. Musaiwale magalasi adzuwa ndi mankhwala oletsa chizungulire cha panyanja.

Nanga usiku?

Kulibe. Ku Longyearbyen dzuwa sililowa kuyambira chapa 20 Epulo mpaka chapa 22 Ogasiti. Amene akufuna kuona kuwala kobiriwira kwa kumwamba kwa kumpoto sangakuone paulendo umenewu, chifukwa kumafuna mdima.

Mapepala ndi ndalama zake?

Svalbard payokha safuna viza kwa munthu wa dziko lililonse. Vuto ndi njira: ndege zimanyamukira ku Oslo kapena ku Tromsø, ndiye amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa ayenera kukhala ndi viza ya Schengen, ndipo ikhale yolola kulowa kawiri, popeza pobwerera amaonedwa ngati akulowanso kachiwiri. Kuchokera ku Oslo ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu. Tikiti ya sitima ndi madola masauzande angapo pa munthu, osawerengera ndege. Inshuwalansi yolipira kusamutsidwa pa ngozi ndi yofunika, chifukwa chipatala cha ku Longyearbyen ndi chaching'ono ndipo wodwala kwambiri amamuulutsira ku Tromsø.

Kodi alendowa sakuwononga chimene apita kukaona?

Akuwononga ndithu, ngakhale si iwo okha. Dera la Svalbard likutentha mofulumira kangapo kuposa dziko lonse, ndipo mitsinje yambiri ya ayezi ikubwerera m'mbuyo. Ku Kongsfjorden kuli malo otchedwa Blomstrandhalvøya amene anthu ankayesa kuti ndi olumikizana ndi mtunda, koma ayezi atabwerera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunapezeka kuti ndi chilumba. Choyambitsa ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi wa dziko lonse, ndipo ndege ndi sitima zotenga alendo zimawonjezerapo wawo. Makampani amati wobwerako amakhala woteteza chilengedwe. Mwina ena, koma mawu amenewa amathandizanso kugulitsa matikiti.

Zimene malamulo angathe kuletsa, akuletsa. M'malo otetezedwa alendo a pasitima amaloledwa kutsika pamalo 43 okha. Majombo amatsukidwa potsika ndi pokwera, ndipo matumba a zovala amapopedwa kuti mbewu zachilendo zisalowe. Maluwa sathyoledwa. Chilichonse chimene anthu anasiya isanafike 1946, ngakhale msomali wadzimbiri kapena fupa la namgumi pamalo ophikira mafuta, n'chotetezedwa ndipo sichisunthidwa. Dothi la kumeneko ndi losalimba, moti mapazi a gulu limodzi amaonekabe patapita zaka.

Ngati mwatsimikiza kupita, funsani kampani mafunso atatu musanalipire: sitimayo imanyamula anthu angati, ili ndi otsogolera alendo angati, ndiponso ngati ili membala wa AECO. Ikamazemba kuyankha, funani ina.