Musanalipire kalipentala, yesani thabwa

Mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa matabwa, koma bedi lopangidwa ndi mlombwa wauwisi limayamba kulira ndi kugwedera kutentha koyamba kwa Okutobala kusanathe. Mwini wake amati kalipentala ndi wakuba, kalipentala amati ana amalumphapo, ndipo pakatha zaka ziwiri mtengo wina umagwa kuti pakhale bedi lina. Kuno ku Katondwe, katundu wa m'nyumba wosawononga chilengedwe ndi amene mugula kamodzi basi. Za kuyeza chipinda ndi kukula kwa khomo sindikhalapo, mukuzidziwa.

Yambani ndi zomwe sizifuna thabwa konse. Mphasa za bango zolukidwa m'midzi ya kwa Mburuma ndi kwa Mphuka, zomwe zimadzazanso msika wa pa Luangwa Bridge, n'zochokera ku chomera chophukanso chaka ndi chaka. Zimagwira ntchito pansi, pakhonde, ngakhale kudenga pochepetsa kutentha kwa malata. Madengu a mlaza amasunga zovala bwino kuposa kabati yotsekeka yomwe mphemvu zimaikonda. Mphasa yabwino ingakhale pakati pa K60 ndi K150, kutengera kukula ndi nyengo. Musanenerere mpaka pansi: wodula bango amalowa m'mbali mwa Luangwa momwe muli ng'ona ndi mvuu. Ngati mukufuna mashelefu kapena mpando wa nsungwi, onetsetsani kuti nsungwiyo inali yokhwima, ya zaka zitatu kapena zinayi, yodulidwa m'chilimwe ndi kuviikidwa m'madzi masabata angapo. Yosaviika imakhala ndi chakudya cha tizilombo mkati, ndipo mudzayamba kusesa ufa wachikasu pansi pake. Funsaninso za katundu wogwiritsidwa kale ntchito kwa anamwino a pachipatala cha mishoni ndi aphunzitsi amene akusamutsidwa. Tebulo lomwe lakhala kale zaka khumi m'chigwa muno lauma mokwanira, ndipo kulikonza mwendo n'kotsika mtengo kuposa latsopano.

Makabati onyezimira a utuchi wopanikiza ochokera ku Lusaka asiyeni komweko. Makilomita oposa 200 kukafika pa mlatho, kenako msewu wolowera ku Feira, amafika zomangira zitamasuka kale. Akanyowa pang'ono amafufuma, sakonzeka, ndipo guluu wake amatulutsa mpweya woyabwa m'maso nyumba ikatentha.

Mukasankha thabwa, funsani dzina la mtengo ndi kumene unachokera. Mukula unalowa pa mndandanda wa CITES mu 2019 utadulidwa kwambiri n'kumatumizidwa ku China, ndipo mu 2022 pamsonkhano wa ku Panama anawonjezapo mlombwa, mupapa ndi mbawa. Mndandandawo umalamulira malonda a kunja kwa dziko, koma ukutiuza kuti mitengoyi ikutha. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 2015 limafuna chilolezo chodula ndi chonyamula matabwa. Kalipentala wogula kwa ocheka ovomerezeka sachita manyazi kunena, ndipo a zankhalango ku boma angakuuzeni amene ali ndi mapepala. Matabwa obwera usiku pa njinga, kaya achokera ku Rufunsa kaya awoloka kuchokera ku Mozambique, musawalandire. Paini ndi bulugamu wa m'minda ya ZAFFICO, amene amagulitsidwa pa msika wa Buseko ku Lusaka, ndi wobzalidwa, ndipo amakwanira mashelefu, mabenchi ndi timatabwa ta pansi pa matiresi. Chiswe chimamukonda paini, choncho asakhudze dothi. Mlombwa usungireni chimango cha bedi ndi miyendo ya tebulo.

Tsopano pamene pamagwera pafupifupi aliyense. Thabwa liyenera kukhala louma lisanapalidwe, louma mpaka mkati. Kunja kumanyenga. Dzuwa la kuno limaumitsa pamwamba m'masiku atatu, thabwa n'kumaoneka lokonzeka pamene mkati mukadali madzi. Likamangidwa chomwecho, madziwo amachoka pang'onopang'ono muli m'nyumba mwanu, thabwa limachepa m'mimba mwake, zolumikizira zimamasuka, pamwamba pa tebulo pamang'ambika, chitseko cha kabati chimapindika osatsekekanso. Vanishi saletsa zimenezi. Guluu saletsa. Misomali yowonjezera imangong'amba thabwa.

Kalipentala akati "aise, iyi yauma kale," musatsutsane naye, ingopemphani kachidutswa. Kachekedwe pamaso panu, osati kunsonga koma pakati pa thabwa lomwe adzagwiritse ntchito. Gwirani pochekedwapo ndi kuseri kwa dzanja: pakamazizira, muli madzi. Finyani utuchi wake m'manja. Wouma umamwazika, wauwisi umaumbika. Gogodani matabwa awiri, ouma amalira mokweza, auwisi amangoti phi. Kenako ikani kachidutswako m'pulasitiki yoonekera, mangani, muike padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Mukapeza madontho ambiri mkati mwa pulasitiki, thabwalo silinakonzeke, ngakhale alumbire bwanji. Wofuna kutsimikiza kwenikweni ayeze thabwa limodzi pa sikelo ya ogula chimanga, alembepo kulemera kwake ndi khala, ayezenso pakatha masabata awiri. Likamapepukabe, likuumabe. Dikirani.

Anthu amalephera pa kudikira pomwepa. Alandira ndalama za nsomba kapena za masau, akufuna bedi Loweruka likubwerali, ndiye kalipentala amawapatsa zomwe apempha. Lamulo lakale la amisiri limati thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka. M'chigwa chotentha ngati chino miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi ya chilimwe ingakwanire, koma mwendo wa bedi wokhuthala mainchi atatu umafuna nthawi yoposa pamenepo. Njira yabwino ndi kugula matabwa nokha mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi, n'kukawapereka kwa mmisiri cha mu Okutobala.

Ndipo musawatsamiritse pakhoma padzuwa monga achitira ambiri. Kumeneko n'kuwawotcha, amang'aluka nsonga ndi kupindika ngati uta. Agonekeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, timitengo touma tofanana kukhuthala tili pakati pa thabwa ndi linzake, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pakani penti yotsala kunsonga zonse kuti madzi asathawire kumeneko mofulumira, ikani miyala pamwamba, ndipo sabata iliyonse yang'anani ngati chiswe chayamba kumanga njira pa njerwa. Ndikubwerezanso: thabwa losayesedwa musalilipire, ngakhale kalipentalayo ndi mlamu wanu.

Muone katunduyo asanapakidwe kanthu. Mlombwa uli ndi mtima wofiirira ndi mbali yoyera yakunja, ndipo yoyerayo imafumbwa msanga. Ena amaibisa ndi utoto wakuda, n'chifukwa chake mpando wopakidwa kale pamsika ndi wokayikitsa. Tembenuzani mpando muone pansi. Miyendo ikhale yolowetsana m'mabowo osemedwa, osati yongokhomedwa misomali, chifukwa yolowetsana imakonzeka ikamasuka. Khalanipo, mudzigwedeze.

Pa zopaka, pali uphungu woipa womwe sukufa: kuti oilo wakuda wa galimoto amathamangitsa chiswe. Ali ndi poizoni, amanunkha kukatentha, ndipo mwana wokwawa amanyambita mwendo wa tebulo. Mafuta a linseed a m'masitolo a zomangira kapena phula la njuchi losungunula zimakwanira, mukamabwereza kamodzi pachaka. Nsalu yopakira linseed muiyanike yotambasula, chifukwa yofinyidwa pamodzi imatha kuyaka yokha. Mapolo obiriwira onyikidwa m'mankhwala ndi a mpanda, sapangira tebulo lodyera, ndipo zidutswa zake musasonkhere moto.

Mitengo yogulira katunduyu ndi yongoyerekeza. Mpando wa patebulo ungakhale K300 mpaka K500, bedi la anthu awiri la mlombwa wouma K2,000 mpaka K3,500, la paini kutsikirapo. Wina akakuuzani theka la pamenepo, funsani kuti mtengowo unagwa liti. Perekani theka poyamba, lotsalalo mukaona katunduyo asanapakidwe, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni kuti chikamasuka chilimwe choyamba chisanathe, adzakonza osalipiritsa. Mukafika nazo kunyumba, siyani mpata wa chikhato pakati pa kabati ndi khoma, ndipo ngati pansi ndi pozira, mwendo uliwonse ukhale pa kamwala kaphanthi.