Kodi Tigule Mchere Uti?

Pa msika wa Ndirande kapena wa Bangwe pamapezeka mchere wa mitundu iwiri. Wina ndi wamibulu, wonga timiyala. Wina ndi wosalala ngati shuga. Kodi kusiyana kwake n'kotani?

Mchere wosalala umasungunuka msanga. Ndi wabwino kuthira m'phala kapena m'ndiwo zopsa kale. Koma chenjerani. Mcherewu umadzadza bwino m'supuni, osasiya mipata. Choncho supuni imodzi ya wosalala imawawa kuposa supuni imodzi ya wamibulu. Ndiwo zambiri zawonongeka chifukwa cha kusadziwa zimenezi.

Mchere wamibulu umachedwa kusungunuka, ndipo kawirikawiri ndi wotsika mtengo. Ndiwo woyenera posunga chakudya, monga nsomba, nyama kapena achali wa mango. Mchere umakoka madzi m'chakudya. Madzi akachepa, tizilombo toola chakudya sitiswana. Popanga achali, dulani mango aawisi, muwapake mchere wambiri, muwasiye masiku awiri kapena atatu. Mukhetse madzi ake, muwayanike, kenaka muthire tsabola ndi mafuta. Botolo likhale loyera ndi louma. Apa musaumire mchere ayi. Mukaumira, achali achita nkhungu.

Nanga chidulo? Chidulo si mchere. Ndi madzi a phulusa. Ntchito yake ndi kufewetsa therere ndi masamba, monga achitira soda.

Tsono pali kusiyana kwina kumene maso sangaone, lilime silingamve. Uku ndiye kwakukulu. Mchere wina uli ndi ayodini, wina ulibe. Thupi limafuna ayodini wochepa kwambiri, koma akasowa munthu amatupa pakhosi. Matendawa ndi aja timati chithokomiro. Mayi woyembekezera akasowa ayodini, ubongo wa mwana sukula bwino. Mwanayo adzavutika kusukulu popanda kudziwa chifukwa chake. Nkhani ya mtengo ichepa pamenepa.

N'chifukwa chake m'chaka cha 1995 dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loti mchere wodya anthu uzikhala ndi ayodini. Wamibulu ndi wosalala, wonse angathe kuthiramo ayodini. Koma mchere wopangidwa pamudzi kuchokera ku dothi, monga amachitira anthu ena ku Chikwawa, sathiramo.

Inu tsopano mumadziwa kuwerenga. Musanalipire, tembenuzani paketi. Funani mawu a Chingerezi akuti IODISED. Mchere woyeza ndi kapu pa thumba lotsekula ulibe cholembedwa, ndiye funsani wogulitsa akuonetseni thumba lake.

Ayodini amathawa pa dzuwa, pa moto ndi pa chinyezi. Kunyumba sungani mchere m'chitini chotseka, kutali ndi mbaula. Thirani ndiwo zikatsala pang'ono kupsa.

Ngakhale mchere wa ayodini usachuluke. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku. Imeneyi ndi supuni yaing'ono imodzi, ya tiyi. Mchere wambiri umabweretsa matenda a kuthamanga kwa magazi.