Kuzindikira Vuto la Mitral Valve Prolapse

Kusekondale tinaphunzira kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, komanso mavalavu oletsa magazi kubwerera komwe achokera. Valavu ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere imatchedwa mitral, ndipo ili ndi tizitseko tiwiri. Mtima ukamapopa magazi, tizitsekoti timayenera kutseka mothina. Kwa anthu ena timakhala tofewa kwambiri, motero timatukukira m'chipinda chapamwamba, ndipo nthawi zina magazi ena amabwerera. Vutoli ndilo mitral valve prolapse, ndipo limapezeka mwa anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse.

Ambiri mwa iwo samva chilichonse. Ena amamva mtima ukugunda mothamanga kapena modumphadumpha, kupweteka pachifuwa, chizungulire, kutopa msanga kapena befu. Koma zizindikirozi zimabweranso ndi kuchepa kwa magazi, nkhawa ndi matenda ena, choncho sitingadzipime tokha.

Dokotala amayamba ndi khutu. Akaika stethoscope pachifuwa chakumanzere, amamva kaphokoso kakuti "tche" pakati pa kugunda kwa mtima, kenaka mkokomo wa magazi obwerera ngati valavu ikudontha. Amatha kumuuza wodwalayo kuti aimirire, kenaka anjute. Poimirira, magazi olowa mumtima amachepa ndipo kaphokosoko kamamveka msanga, ponjuta kamachedwa. John Barlow, dokotala wa ku Johannesburg, ndi amene anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti phokosoli limachokera pa valavu ya mitral. N'chifukwa chake ena amalitcha vutoli Barlow's syndrome.

Chotsimikizira ndi echocardiogram, makina oonetsa chithunzi cha mtima ukugwira ntchito, osabaya kapena kung'amba paliponse. Vutoli limatsimikizika ngati kachitseko katukuka kupitirira mamilimita 2. Makinawa amaonetsanso kuchuluka kwa magazi obwerera, ndipo amalisiyanitsa ndi rheumatic heart disease, yomwe imaononga valavu yomweyi mwa ana ambiri muno mu Africa, zilonda zapakhosi zikapanda kuchizidwa.

Ambiri safunika mankhwala, koma kupimidwa nthawi ndi nthawi. Ochepa, amene valavu yawo imadontha kwambiri, amafunika opaleshoni.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakumana ndi mwana amene amachita befu msanga pamasewero kapena kukomoka pothamanga. Tisadzafulumire kumunena kuti ndi waulesi. Tidzauze makolo ake kuti apite naye kuchipatala akamupime mtima.