Mmene bungwe lingakopere ana asukulu ku ntchito za sayansi

Mabungwe ambiri omwe si aboma amachita motere: galimoto ifika pasukulu, ana asonkhana pansi pa mtengo, mlendo wolemekezeka alankhula ola lathunthu kuti sayansi ndiyo tsogolo la dziko, kenaka fanta, masikono ndi zithunzi. Mawa lake mwana uja abwerera m'kalasi momwe sayansi yonse ili pabolodi. Ngati bungwe lanu likufunadi kuti ena mwa anawa adzakhale madokotala, mainjiniya kapena akatswiri a zaulimi, ntchitoyo imafuna zoposa apa.

Yambani ndi kusankha sukulu, ndipo musathamangire zomwe zili kale ndi labotale chifukwa zili m'mbali mwa msewu wa tala. Pitani ku ma CDSS akumudzi. Tengani kalata ku ofesi ya zamaphunziro, kenaka mukhale pansi ndi ahedi pamodzi ndi aphunzitsi a masamu, Physics, Chemistry ndi Biology. Afunseni chomwe chikuwavuta musanawauze chomwe mwabweretsa. Komiti ya makolo, a Mother Group ndi amfumu adziwe msanga, apo ayi mtsikana yemwe watsalira kusukulu madzulo akafunsidwa zambiri kunyumba.

Ana oti muwaganizire kwambiri ndi a Fomu 1 ndi Fomu 2. Pofika Fomu 3 amakhala akusankha maphunziro omwe adzalembe pa MSCE, ndipo yemwe wasiya Physics ndi Chemistry watseka yekha zitseko zambiri asakudziwa. Kulankhula ndi wa Fomu 4 ndi bwino, koma kumeneko mwachedwa.

Tsiku loyambalo malankhulidwe achepe, manja a ana agwire zinthu. Simukusowa zipangizo zodula. Wiritsani chidede, musefe madzi ake ofiirawo, muwagawe m'makapu atatu oonekera mkati. M'kapu imodzi mwana afinyire ndimu, m'ina athire chidulo chomwe amayi ake amaphikira therere, yachitatu ikhale chomwecho. Ya ndimu ifiira kwambiri, ya chidulo isanduka yobiriwira modera. Musawauze chifukwa chake msanga. Asiyeni atsutsane, ayese sopo, soda, viniga, madzi a pamjigo, alembe zomwe aona. Pofika pomwe mphunzitsi akutchula za asidi ndi alikali, anawo amakhala atazipeza kale okha. Chimodzimodzi ndi dainamo ya njinga: azungulitse gudumu, babu iyake, kenaka muwafunse kuti china chomwe chingazungulitse gudumulo n'chiyani munthu atachokapo.

Funso limeneli limakufikitsani kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dainamo ya njinga, mapaipi, mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotola, ataona chithunzi m'buku la mulaibulale. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009, ndipo filimu yake inabwera mu 2019. Koma muifotokoze yonse. Ena amaikamba ngati umboni woti sukulu njosafunika, pomwe Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, ndipo mwayi utapezeka anabwerera mpaka kumaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Alendo odzalankhula asankheni mosamala. Pulofesa wa suti ndi wabwino, koma mwana wakumudzi amadziona mosavuta mwa mtsikana woyeza magazi pachipatala cha boma, mlangizi wa zaulimi, kapena mnyamata wokonza sola yemwe anakulira dera lomwelo. Muwapemphe anene zenizeni: anapeza mapointi angati, fizi anailipira bwanji, phunziro lomwe linkawavuta ndi liti. Abwere ndi chida chomwe amagwirira ntchito. Zitsanzo zakwathu zilipo. Makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani anapangidwa mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi akatswiri a Rice University. Mu 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa ma drone, African Drone and Data Academy, inatsegulidwa ku Lilongwe mothandizidwa ndi UNICEF.

Mukadzutsa chidwi mwa anawo, aonetseni njira yake, ndipo apa ndi pomwe mabungwe ambiri amalephera. Lembani papepala limodzi kuti polowa kuyunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, kuti zofunsira malo zimadzera ku NCHE, ndiponso kuti pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Tchulani komwe maphunziro ali: zaumoyo ku KUHeS, zauinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST ku Thyolo, zaulimi ku LUANAR. Musaiwale makoleji a ntchito zamanja omwe amayendera pansi pa TEVETA, chifukwa wamagetsi ndi wowotcherera nawonso amadya za sayansi. Pepalalo lipite kwa makolo m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha deralo.

Za atsikana, yang'anitsitsani yemwe wagwira chida. Mukangolekerera, anyamata alanda mawaya onse, mtsikana n'kupatsidwa cholembera kuti akhale mlembi wa gulu. Sinthanitsani ntchitozo mwadala. Komanso wamkulu aliyense wa bungwe lanu asakhale payekha ndi mwana, asatenge nambala ya foni ya mwana, ndipo zithunzi zisapite pa Facebook makolo asanalole.

Chotsiriza ndi chomwe mukusiya. Pezani mphunzitsi mmodzi wachidwi, mumusiyire bokosi la mabatire, mawaya, maginito, magalasi okuzira zinthu ndi mabuku pang'ono, ayambitse kalabu yokumana sabata iliyonse. Inu muzibwera kamodzi pamwezi, ndipo lonjezani zokhazo zomwe mungakwanitse. Pakutha pa chaka musawerenge ana omwe anakhala pansi pa mtengo paja. Funsani ahedi kuti ndi angati, anyamata ndi atsikana, asankha Physics ndi Chemistry poyerekeza ndi chaka chatha.

Inu amene mumalemba bajeti, chepetsani ndalama za matisheti ndi maalawansi, muziike pa bokosi lija ndi pa mafuta obwererera kusukuluko.