PHUNZIRO KWA ALIMI: CHIWONGOLERO CHIKAMANJENJEMERA POPONDA MABULEKI

Alimi anzathu, kukolola kukatha ntchito yotsala ndiyo kupititsa mbewu kumsika. Ambiri a inu a ku Embangweni, Edingeni, Champhira, Mabulabo ndi Khosolo mumanyamula chimanga, mtedza, soya ndi fodya pa mapikiapu ndi malole kupita ku Jenda, ku boma la Mzimba, kapena ku okushoni ya Mzuzu ndi ya Chinkhoma ku Kasungu. Mwezi uno tiphunzira za vuto limene madalaivala ambiri amalinyozera: kunjenjemera kwa chiwongolero poponda mabuleki. Phunziroli nlofunika kwa mwini galimoto, ndiponso kwa tenanti kapena mlimi wa m'kalabu amene amangochita hayala, pakuti katundu ali pamwambayo ndi thukuta lake la chaka chonse.

Gwero la vutoli

Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi chitsulo chozungulira ngati mbale kuseri kwa wilo lililonse la kutsogolo. Chitsulochi amachitcha disiki. Mukaponda buleki, mapadi aŵiri amapana disikiyo uku ndi uku, ndipo wilo limaima. Disiki ikaperepeseka mosafanana, pena ponenepa pena popyapyala, mapadi amagwira nataya, kugwira nataya, ndipo kugwedezako kumayenda m'zitsulo mpaka kufika m'manja mwanu. Kusiyana kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi nkokwanira kuti muyambe kukumva.

Chimene chimaononga disiki kwambiri ndi kutentha. Msewu wa M1 wopita ku Mzuzu umadutsa m'mapiri a Viphya cha ku Chikangawa, ndipo uli ndi zitsetso zambiri. Dalaivala amene amatsika atapondereza buleki njira yonse, katundu ali tho, amatenthetsa zitsulozo koopsa. Akaima pansi pa chitsetso phazi lili chipondere, mapadi amasiya chipsera pamalo amodzi. Zina zoononga ndi kuwoloka mtsinje mabuleki ali moto, dzimbiri la galimoto imene yakhala chiimire dzinja lonse, dothi lotsalira pakati pa disiki ndi pamene imakhalira, ndiponso kumanga manati a wilo mosalingana.

Kapezedwe ka vuto

Safunsa anadya phula. Musathamangire kugula zitsulo musanadziŵe chimene chavuta. Pezani msewu wosalala wopanda anthu, galimoto ilibe katundu, ndipo tsatani izi:

1. Yambani ndi manati a mawilo onse. Wilo lokhwepa limagwedeza chiwongolero, ndipo likhoza kuguluka muli paulendo.

2. Yendetsani galimoto osaponda buleki. Ngati chiwongolero chikunjenjemerabe, vuto si mabuleki ayi. Yang'anani matope ouma m'kati mwa limu, limu yopindika, kapena tayala lotupa.

3. Pondani buleki pang'onopang'ono. Kunjenjemera kukamveka m'manja, vuto lili kutsogolo. Kukamveka pampando, kaŵirikaŵiri ndi madilamu a kumbuyo amene aleka kukhala ozungulira bwino.

4. Kwezani wilo la kutsogolo ndi jeke, muike chochirikiza cholimba pansi, ndi miyala kumawilo a kumbuyo. Musaloŵe pansi pa galimoto yokhalira pa jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamaseŵera, beringi kapena bolojointi yatha. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Likaseŵeranso, yang'anani tayirodi. Misewu yafumbi ya mabampu imatha zitsulo zimenezi msanga.

5. Zungulitsani wilolo ndi manja. Likamagwira pamalo amodzi pokha, disiki njosafanana. Likamakana kuzungulira konse, mapadi akanirira ndipo sakubwerera. Wilo lotere limatentha kuposa linzake mukayenda kamtunda kochepa.

6. Chotsani wilo muone disiki. Mizere yakuya, ming'alu, ndi maanga obiriŵira ndizo zizindikiro za kupsa.

Dziŵaninso kuti galimoto za ABS zimagunda kuphazi mukaponda mwadzidzidzi pa msewu wa miyala kapena poterera. Kumeneko si kuonongeka, ndimo zinapangidwira. Musachotse phazi.

Kakonzedwe kake

Pa disiki iliyonse opanga analembapo nambala ya mamilimita, yosonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira. Makaniko wodziŵa ntchito amayeza kaye. Ngati chitsulo chikadalipo chokwanira, akhoza kuipala pa makina kuti isalale. Ngati yafika pa nambalayo, kapena ili ndi mng'alu, igulidwe ina. Madisiki ndi mapadi amasinthidwa mbali zonse ziŵiri nthaŵi imodzi. Mukasintha mbali imodzi, galimoto idzakokera kumbali poima. Mapadi otsala ndi mamilimita 3 atha ntchito. Pobwezera wilo, pukutani dzimbiri pokhalira pake, ndipo manati muwamange modumphitsa, ili kenaka loyang'anana nalo.

Kapeŵedwe kake

Pikiapu ya tani imodzi imanyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba amaŵerengedwa pa kulemera komweko. Belo la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, choncho mabelo 10 akwana. Pofika pa chitsetso loŵetsani giya yaikulu mphamvu musanayambe kutsika, kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Kutsika giya ili fili pofuna kusunga mafuta nkuika moyo pachiswe. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, motero asinthidwe pakatha zaka ziŵiri zilizonse.

Inu ochita hayala, khalani kutsogolo muone manja a dalaivala pamene akuima. Chiwongolero chikamavina, musakweze mabelo anu. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amene ali pamsewu sanakhale ndalama. Konzetsani galimoto msika usanatsegulidwe, kuti mbewu zanu ndi inu eni mukafike bwino.